Mapiri a Lesotho ndi Mbiri ya Abasotho

Pakati pa dziko la South Africa pali ufumu waung'ono wotchedwa Lesotho, umene m'masiku a ulamuliro wa Angerezi unkadziwika ndi dzina lakuti Basutoland. South Africa walizinga dzikoli mbali zonse monga madzi azinga chilumba, ndipo ukulu wake ndi masikweya kilomita 30,355, ndiko kunena kuti likhoza kulowa pafupifupi kanayi m'dziko la Malawi. Chimene chalitchukitsa ndi kukwezeka kwake. Malo otsika koposa onse, pamene mtsinje wa Makhaleng uthira mu Senqu, ali pa mamita 1,400 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo palibe dziko lina pansi pano limene malo ake otsikitsitsa afika pamenepo. Munthu woima pa mathiriro amenewo ali pamwamba kuposa munthu wokhala mumzinda wa Lilongwe.

Mwana wa sukulu akamva zimenezi, naona zithunzi za anthu ofunda magombeza atakwera akavalo pakati pa chipale, msanga aganiza kuti Abasotho ndi anthu a kumapiri chiyambire makolo awo. Koma mbiri siitero ayi. Makolo awo anali alimi a mapira ndi oweta ng'ombe a m'zigwa zachonde, ndipo m'mapiri aataliwo munalibe midzi yawo. Chinawakweza ndi nkhondo, ndiponso malire amene anthu ena analemba.

Dzikoli lamangidwa ndi miyala ya mitundu iwiri yosanjikizana. Pansi pali mwala wamchenga, wotuwa kapena wofiirira, wosavuta kusema. Pamwamba pake pali mwala wakuda wotchedwa basalt, umene unatuluka m'nthaka uli chiphalaphala chamoto zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, nuyenderera, nuuma, wina nubweranso pamwamba pake, kufikira kuchindikala kwake kunapitirira mamita 1,000. Kumadzulo mvula ndi mitsinje zinaudya mwala wakudawo, ndipo kunatsala chigwa chopapatiza chotsata mtsinje wa Mohokare, umene Azungu amautcha Caledon. M'chigwa chimenechi mwatsalira timapiri toima patokha, tathyathyathya pamwamba ngati gome, tozingidwa ndi matanthwe oongoka ngati khoma la nyumba. Timapiri timeneti tisaiwalike, pakuti kamodzi mwa ito ndi kamene kanasunga mtundu wonse.

Kum'mawa kwa chigwacho nthaka iyamba kukwera, mtunda pamwamba pa mtunda, kufikira m'mapiri a Maloti, amene atenga gawo lalikulu la dziko. Mapiriwo akathera pa khoma la Drakensberg, m'malire ndi KwaZulu-Natal, pamene dziko lingoduka mwadzidzidzi n'kukhala maphompho akuya mamita mazanamazana. Kufupi ndi khomalo kuli Thabana Ntlenyana, phiri lalitali koposa onse kummwera kwa Afrika, la mamita 3,482, loposa Sapitwa wa pa Mulanje ndi mamita 480. Dzina lake m'Sesotho litanthauza kaphiri kokongola, ndipo ndi dzina loona, popeza phirilo silisongoka koma lingokhala ngati chulu pa chitunda chokwezeka kale.

M'madambo a pamwamba pamenepa ndimo mubadwira mitsinje. M'chaka cha 1836 amishoni awiri a ku France, Thomas Arbousset ndi François Daumas, anafika pa phiri lina la kumpoto chakum'mawa, ndipo poona kuti mitsinje ikuluikulu iyambira kumeneko analitcha Mont-aux-Sources, ndiko kuti phiri la akasupe. Tugela atsikira kum'mawa kunka ku nyanja ya Indian. Senqu ang'amba mapiri pakati, nakumba chigwa chakuya cholunjika kummwera chakumadzulo, ndipo atatuluka m'dzikomo atchedwa Orange, nakathira m'nyanja ya Atlantic atayenda makilomita oposa 2,000 kuchokera kumagwero ake.

Nyengo za ku Lesotho zisiyana ndi za maiko otentha pa zifukwa ziwiri: dzikoli lili kutali kummwera, ndipo lili pamwamba. Mvula yambiri igwa kuyambira Okutobala kufikira Epulo, kawirikawiri yamabingu, yogwa mwaukali kanthawi kochepa, yodza ndi mphezi ndi matalala amene akhoza kusalaza munda wonse madzulo amodzi. Ku Maseru kugwa mamilimita pafupifupi 700 pa chaka. Pamwamba pa mapiri a kumpoto chakum'mawa mvula ipitirira mamilimita 1,000, koma m'chigwa cha Senqu, chimene mapiri achitchinga mbali zonse, ichepa kwambiri, kotero kuti munthu akhoza kuona mtsinje waukulu ukuyenda pakati pa minda yofota. Kuyambira Meyi kufikira Seputembala ndi nyengo yachisanu. Thambo likhala lambee, usana kuli kadzuwa, koma usiku madzi auma m'mitsuko ngakhale kuchigwa, ndipo kumapiri kuzizira kufika madigiri 18 kunsi kwa ziro. Chipale chofewa chikuta mapiri, nthawi zina n'kutseka njira masabata angapo, n'kupha nkhosa pamodzi ndi anyamata oziweta.

Kwa mlimi chinthu choopsa ndi chisanu, pakuti ndicho chiyesa utali wa nyengo yolima. Kuchigwa mapira ndi chimanga zipeza miyezi yokwanira kuti zikhwime. Munthu akamakwera, miyeziyo imka nichepa, kufikira pamalo pamene chisanu chikhoza kugwa mwezi uliwonse; kumeneko kulola tirigu ndi nsawawa zokha, ndipo pamwamba pake ndi msipu wokhawokha. Mitengo nayo njosowa, ndipo anthu a kumapiri asonkha moto ndi ndowe zouma ndi tizitsamba. Nthaka yoyenera khasu siiposa gawo limodzi la magawo khumi a dziko lonse, ndipo yambiri ili m'kachigwa ka kumadzulo kaja. Amene amvetsa mfundo imeneyi sadzavutika kumvetsa chifukwa chake nkhondo zambiri za Abasotho zinali zolimbirana chigwa.

Cha m'ma 1820 maiko a kummwera kwa Afrika anagwedezeka ndi chipwirikiti chimene Abasotho amachitcha Lifaqane. Ndi chipwirikiti chomwecho chimene chinathamangitsira Angoni kumpoto, kufikira Zwangendaba anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835. Magulu a anthu othawa anaoloka Drakensberg nagwera m'chigwa cha Mohokare, akulanda ng'ombe ndi nkhokwe, ndipo olandidwawo anasanduka olanda anzawo. Minda inagonera, njala inakula. Pa nthawiyo Moshoeshoe anali mfumu yaing'ono ya Bamokoteli, ndipo anali atamanga pa phiri la Butha-Buthe kumpoto. Atazingidwa kumeneko ndi Batlokoa, anaona kuti malowo sadzamusunga, ndipo pakati pa nyengo yachisanu ya 1824 anasamuka ndi anthu ake ndi ziweto zawo kunka kummwera. Pa ulendo umenewo agogo ake aamuna, Peete, amene anatsalira m'mbuyo chifukwa cha ukalamba, anagwidwa ndi anthu amene njala inawasandutsa odya anzawo.

Malo amene anafikako anawatcha Thaba Bosiu, phiri la usiku. Mlendo woliona koyamba akhoza kukhumudwa, pakuti ndi kamodzi mwa timapiri tathyathyathya tija, kotalika mamita 100 ndi kanthu kuchokera m'chigwa cha mtsinje wa Phuthiatsana, makilomita 24 kum'mawa kwa Maseru wa lero. Mphamvu yake inali m'mapangidwe ake. Matanthwe a mwala wamchenga alizinga ponseponse, kusiya mipata yowerengeka yopapatiza, imene amuna ochepa okhala ndi miyala yokunkhuniza akhoza kuitseka. Pamwamba pali bwalo la masikweya kilomita pafupifupi 2, la msipu ndi akasupe osaphwa, motero anthu ndi ng'ombe zawo ankatha kukhalapo nthawi yaitali adani ali pansi. Koposa zonse, minda inali patsinde pomwepo. Phiri lalitali la ku Maloti likadawabisa bwino koposa, koma likadawapha ndi njala.

Amangwane a Matiwane analephera kulikwera, ndipo Amandebele a Mzilikazi analepheranso m'chaka cha 1831. Akuluakulu a Abasotho amasimba kuti pamene Amandebele anali kubwerera, Moshoeshoe anawatumizira ng'ombe za kamba wa panjira, ndipo sanabwerenso. Mbiri ya phiri losagonja inamveka kutali, ndipo otsala a mafuko osweka anadza kudzapempha malo. Iye anawalandira, nawabwereka ng'ombe zoti azikama, nasiya mafumu awo pa maudindo. Mtundu wa Abasotho unaumbidwa motero, ndipo pofika 1833, pamene Eugène Casalis ndi anzake anadza namanga mishoni ya Morija, anthu anali atayambanso kutsikira m'chigwa, akulima tsidya lino ndi tsidya lija la Mohokare.

Tsidya lija ndilo linadzetsa mlandu. Kuyambira cha m'ma 1836 Mabunu ochoka ku Cape anafika ndi ngolo zawo m'dziko lomwelo, napempha msipu. Kwa Moshoeshoe kumeneko kunali kubwereka mlendo malo monga mwa mwambo, koma kwa iwo kunali kupata dziko. Nkhondo yoyamba ndi boma lawo la Orange Free State inachitika mu 1858, ndipo Mabunu anabwerera osaphula kanthu. Yachiwiri inayamba mu 1865, ndipo Abasotho anaitcha Seqiti chifukwa cha kugunda kwa mizinga. Pa 15 Ogasiti chaka chimenecho Louw Wepener anatsogolera anthu ake kukwera mpata wa Khubelu, naphedwa ali pafupi kufika pamwamba. Thaba Bosiu sanagwe.

Komatu Mabunu anazindikira kufooka kwa linga lotere. Phiri lisunga anthu, koma silisunga munda uli patsinde pake. Analeka kukwera matanthwe, nayamba kutentha mbewu m'minda ndi kukusa ng'ombe. Ng'ombe zambirimbiri zimene anazikweza pa Thaba Bosiu zinatha msipu, n'kufa ndi njala pamwamba pomwepo. Mu Epulo 1866 Moshoeshoe anavomera pangano lopereka dziko lalikulu, ndipo anthu ake analitcha mtendere wa mapira, popeza cholinga chake chinali kupeza mpata wokolola. Atakolola anakana kuchoka m'minda yawo, nkhondo niyambanso mu 1867. Pamene malinga ena anali kugwa limodzilimodzi, pempho limene mfumuyo inakhala ikutumiza kwa Mfumukazi Victoria linayankhidwa, ndipo pa 12 Marichi 1868 Sir Philip Wodehouse analengeza kuti Abasotho ndi anthu a Mfumukazi.

Malire analembedwa ku Aliwal North mu Febuluwale 1869, pakati pa Angerezi ndi Mabunu, eni dziko palibe. Dziko lonse la kumadzulo kwa Mohokare linapita kwa Orange Free State, pamodzi ndi chigawo china cha kummwera, ndipo matauni a Ficksburg, Ladybrand ndi Wepener anamangidwa m'menemo kuti alilonde. Limeneli ndi dziko la tirigu lokoma koposa m'chigawo chonsecho. Moshoeshoe anamwalira pa 11 Marichi 1870 naikidwa pa phiri lake, atapulumutsa mtundu koma atataya mbali yaikulu ya minda yake. Mphunzitsi woonetsa ana mapu a Lesotho achita bwino kuwalozera mzere wa kumadzulowo, pakuti kuchuluka kwa mapiri m'dzikoli poyerekeza ndi zigwa kunayambira pa mzere umenewo.

Mapiri a Maloti sanali opanda eni. Munali Asan, amene Abasotho amawatcha Baroa, alenje a mauta amene anasiya zithunzi za nchefu ndi za magule awo m'mapanga a mwala wamchenga. M'chaka cha 1873 mmodzi wa iwo, dzina lake Qing, anatsogolera Joseph Orpen kupyola m'mapirimo, namufotokozera matanthauzo a zina mwa zithunzizo. Pa nthawiyo anthu a mtundu wake anali atatha pafupifupi onse ndi nkhondo. M'zaka zotsatira, chigwa chitadzaza, mafumu anayamba kutumiza ana awo ndi anthu awo kukamanga m'zigwa za m'mapiri, kumene kale kunkangofika alenje ndi abusa. Kavalo wa Abasotho, wamfupi ndi wolimba ziboda, amene makolo ake anachokera ku Cape, ndiye anatsegula njira zimene ngolo sikadapita. Gombeza la kusitolo linalowa m'malo mwa zikopa pamene nyama za kuthengo zinatha. Zinthu ziwiri zimene alendo aziyesa zamakedzana zili ndi zaka zosafika mazana awiri.

Maonekedwe a dziko anathandizabe pa nkhondo. Boma la Cape, limene linapatsidwa dzikoli mu 1871, linazinga phiri la mfumu Moorosi wa Baphuthi miyezi 8 mu 1879 lisanaligonjetse. Chaka chotsatira linalamula kuti Abasotho apereke mfuti zawo, ndipo pa nkhondo ya mfuti ya 1880 ndi 1881 okwera akavalo a Lerotholi ndi Masopha analitopetsa kufikira linagwa mphwayi. Mu 1884 dzikoli linabwerera m'manja mwa boma la ku Mangalande. Ichi ndicho chifukwa chake silinamezedwe pamene zigawo zinayi zinalumikizana kupanga South Africa mu 1910, ndipo linalandira ufulu wake pa 4 Okutobala 1966.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale anataya minda yambiri, Abasotho analemera ndi ulimi kwa kanthawi. Migodi ya dayamondi itatsegulidwa ku Kimberley cha m'ma 1870, iwo anagula makasu a ng'ombe, nagalauza msipu wa m'chigwa, natumiza ngolo za tirigu, chimanga ndi mapira kukadyetsa anthu a kumigodi. Koma kulemerako sikunakhalitse. Njanji inabweretsa tirigu wotsika mtengo wa kutsidya kwa nyanja, maboma a Mabunu anaika msonkho pa mbewu za Abasotho, ndipo mliri wa ng'ombe wa 1896 ndi 1897 unapha ng'ombe zolimira. Nthaka nayo inayamba kubwezera. Dothi la m'chigwa, lochokera ku mwala wamchenga, ndi lopepuka pamwamba, ndipo pansi pake pali dongo limene lisungunuka likanyowa. Udzu utachotsedwa, mvula yamabingu ija inapeza njira m'mikwaso ya ngolo ndi ya ng'ombe, nikumba zigwembe zozama kuposa msinkhu wa nyumba, zimene zidya minda kufikira lero.

Chilala cha 1932 ndi 1933, chimene okalamba ankachikumbukira ndi fumbi lofiira lophimba dzuwa, chinapha ziweto zosawerengeka, ndipo mvula yamphamvu imene inatsatira inakokolola nthaka yosavalayo. Chiyambire pamenepo dziko limene linkagulitsa chakudya lakhala logula. Sir Alan Pim atalemba lipoti lake mu 1935, boma linayamba kuumba migula yopingasa m'minda, ntchito yofanana ndi malimidwe amene anadzetsa chidani ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950. Akuluakulu a boma ankaimba mlandu mlimi wa Chisotho kuti ndi wosasamala. Mlanduwo unali wokhota, pakuti anthu ochuluka anapanikizidwa pa nthaka yochepa mosafuna iwo. Ndipo Kate Showers, m'buku lake la Imperial Gullies la 2005, anasonyeza kuti migula yambiri inkasonkhanitsa madzi pamalo amodzi, ndipo ikaphulika inkayambitsa zigwembe zatsopano. Munda utalephera, amuna anapita ku Joni. M'zaka za m'ma 1980 Abasotho oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa, ndipo amuna a ku Malawi amene anapita pa Wenela anawapeza kumeneko ali otchuka pa ntchito yokumba zitsime za migodi.

Chuma chimene mapiri anasunga osachidziwa munthu ndi madzi. Mizinda ya Johannesburg ndi Pretoria ili pa chitunda chopanda mtsinje waukulu, ndipo mapiri a Maloti, amene alandira mvula yambiri, ali pamwamba kuposa iyo, kotero kuti madzi akhoza kutsikira okha ku damu la Vaal popanda makina opopa. Pangano la ntchitoyo linasainidwa mu Okutobala 1986, patangopita miyezi yochepa asilikali a Justin Lekhanya atalanda boma, South Africa atatseka malire ndi kuumitsa dzikolo masabata angapo. Damu la Katse, pa mtsinje wa Malibamatso, la khoma lotalika mamita 185, linatha mu 1996, ndipo la Mohale pa mtsinje wa Senqunyane linatsatira. Lesotho alandira ndalama za madziwo mwezi ndi mwezi, ndiponso magetsi opangidwa pa 'Muela. Koma madzi a madamuwo anamiza minda ya m'mphepete mwa mitsinje, ndiyo nthaka yokhayo yolimika m'mapirimo, imene zidzukulu za othamangitsidwa kuchigwa aja zinkadalira, ndipo madandaulo a chipukutamisozi anatenga zaka zambiri. Mu Seputembala 1998, pamene asilikali a South Africa analowa m'dzikomo pa nthawi ya chisokonezo cha chisankho, gulu lina linalunjika ku Katse, ndipo asilikali a Lesotho olonda damulo anaphedwa pomwepo.

Kuchokera ku Katse madzi ayenda m'ngalande yoboola pansi pa mapiri makilomita 45 kufika ku 'Muela. Atazunguza makina a magetsi alowa m'ngalande ina, napyola pansi pa mtsinje wa Mohokare ndi pansi pa minda ya tsidya lija, natulukira mumtsinje wa Ash kufupi ndi tauni ya Clarens, kumene ayamba ulendo wawo wa ku damu la Vaal.